Magic lantern yakale: condenser yang'aluka, masilaidi achita nkhungu

Wosunga zakale, Chipata: Anzanga thandizeni, mutu waima. Tinapatsidwa magic lantern (makina akale oonetsera zithunzi zapagalasi pakhoma) yachitsulo yochokera ku mishoni ina yakale, pamodzi ndi bokosi la masilaidi agalasi 46, asikweya aja a mainchi 3¼. Tikufuna tiziyenda nayo m'masukulu kuti ana aone momwe azungu ankaonetsera zithunzi nthawi ya Fort Jameson (dzina lakale la Chipata). Nyale yake ya palafini inadyeka ndi dzimbiri, ndiye dzulo ndinalowetsamo halojeni ya 500W. Sipanathe mphindi 10, ndangomva kuti thee! Galasi lakumbuyo la condenser (magalasi osonkhanitsa kuwala kwa nyale pa silaidi) lang'aluka pakati. Ndingalipeze kuti la mainchi 4? Chinanso, masilaidi 11 ali ndi nkhungu mkati. Lachisanu akundiyembekeza ku Chadiza.

Wamagetsi, Kapata: 500W m'kabokosi kameneko, akulu? Mwayi wanu munalibe silaidi. Pezani nyale ya COB LED ya 12V, 30W yakwana, muimangirire pa heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) ndi kafani ka kompyuta. Ikhale pomwe pankakhala lawi, muziisendeza kutsogolo ndi kumbuyo mpaka kuwala pakhoma kusakhale ndi mthunzi pakati. Imayaka ndi batire ya galimoto. Za galasi, funsani ojambula akale amene anali ndi darkroom (chipinda chamdima chotsukira zithunzi), enlarger (makina okulitsira zithunzi) zina zili ndi condenser, koma muyeze kaye.

Mayi wa m'nkhokwe ya zakale: Musaiyatsenso, abambo. Jambulani masilaidi onse, muzionetsa pa purojekitala wamba, makinawo azingokhala patebulo ana aziona. Galasi limodzi lapita kale. Ankhunguwo apatuleni lero, pouma, ndi silica gel (timibulu toyamwa chinyezi). Musagunde madzi kapena sipiriti kumbali ya gelatini, imene ili ndi chithunzi: pomwe nkhungu yadya, chithunzi chimachoka ndi nsalu. Tepi yakuda ya m'mbali musamatule.

Mdala wa kanema, Petauke: Mwana wanga, chimaswa galasi si kutentha kokha ayi. Ine ndinayenda ndi galimoto ya kanema ya boma, purojekitala ya 16mm Bell & Howell. Usiku wina wa June chakufupi ndi Nyimba, kukuzizira koopsa, mnyamata wanga anatsegula chitseko cha nyale titangozimitsa. Mphepo kungolowa, galasi pomwepo. Anthu anali atayenda mtunda wautali, ena ndi ana kumbuyo, tinawabweza opanda kanthu. Ukazimitsa dikira zizizire zokha. Ntchitoyi inayamba kale, anthu a BEKE (Bantu Educational Kinema Experiment, oonetsa kanema wophunzitsa) ankayenda ndi lole mu 1935, kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, kenako kunabwera Central African Film Unit mu 1948. Tonse tinaphunzira chimodzimodzi: galasi limayenda lokulungidwa m'bulangeti, osati lili m'makina.

Wosunga zakale, Chipata: Zikomo bambo. Koma amayi, purojekitala anawa amaiona kale kutchalitchi. Chomwe ndikufuna aone ndi dzanja likulowetsa galasi chadodolido, chithunzi n'kutuluka chilili pakhoma.

Mayi wa m'nkhokwe ya zakale: Ndiye sindikizani makope pa transparency (pulasitiki yoonekera), muwaike pakati pa magalasi awiri odulitsa ku hadiweya. Enieniwo asakwere galimoto. M'misewu yathuyi adzafika ali zidutswa, ndipo palibe kumene mudzagule ena.

Mphunzitsi wa mbiri, Katete: Yang'ananinso zomwe zili pa masilaidiwo musanaimirire pamaso pa ana. Ena amakhala a m'Baibulo, koma ena ankajambulidwa kuti akaonetsedwe ku Ulaya popempha ndalama za mishoni, ndipo mawu olembedwa m'mbali amanyoza makolo athu. Muziwafotokozera anawo amene anajambula ndi chifukwa chake. Ine ndimayamba ndi nkhani ya David Livingstone kwa mfumu Shinde mu 1854: anaonetsa Abrahamu atakweza mpeni pa Isake, ndipo pomwe ankasolola silaidi, amayi anathawa poona ngati mpeniwo ukubwera kwa iwo. Ndimawafunsa ana kuti, inu mukanakhala pamenepo usiku, musanaonepo chinthu chotere, mukanatani?

Wowotcherera, Lundazi: Bwanji osayatsa ndi kabaidi, uja amatulutsa gasi woyaka akathiridwa madzi, monga kale? Kuwala kwake n'koyera bwino.

Wamagetsi, Kapata: Ayi akulu, gasi wa kabaidi m'kalasi yotseka mawindo, ana 60 ali mkati? Musayese n'komwe.

Mayi wa m'nkhokwe ya zakale: Ndibwerezanso. LED kapena kabaidi, enieniwo asachoke m'bokosi. Ndipo aziima chilili, osasanjikiza ngati mbale. Munalemba kale manambala ndi kujambula lililonse? Ngati simunatero, Chadiza idikire.

Mdala wa kanema, Petauke: Poti tikukamba zakale, ndili ndi galamafoni ya HMV yopukusa ndi dzanja, sipuling'i inaduka chaka chatha. Alipo amene anatsegulapo chigubu chake osavulala zala? Ndikufuna adzukulu aimve ndisanafooke.