ESP32 yanga ikumaliza batire m'masiku atatu, ndalakwitsa pati?

Mnyamata_wa_ku_Mufakose:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Kuno madzi a m'mipope mukudziwa kale mmene amavutira, ndiye ndinapanga kachipangizo koyeza madzi mu thanki ya landilodi wathu, ESP32 devkit (kabodi ka kakompyuta kakang'ono kokhala ndi WiFi) ndi sensa, kamadzuka pa mphindi 30 zilizonse kutumiza uthenga pa foni kenako deep sleep (kugona kosunga mphamvu). Poti magetsi amangozimazima ndinaika batire ya 18650 yolembedwa 9900mAh, ndinagula mutawuni, waya ndinalumikiza pa pini ya VIN (polowera magetsi pa bodi). Koma masiku atatu okha yatha, komanso tsiku lachiwiri kamayamba kumangoyambiranso kokha, pa serial monitor (pomwe bodi imalemba mauthenga ake pa kompyuta) pamabwera "Brownout detector was triggered". Ndatopa kukwera makwerero abale, mayi a nyumba ayamba kundiseka.

Sekuru_Achimwene:
Mphwanga choyamba batire imeneyo anakupusitsa, 18650 yeniyeni imathera cha m'ma 3500mAh, ya 9900 kulibe, uyinyamule m'manja uyerekeze ndi yochokera mu laputopu yakale umva kupepuka kwake. Koma ngakhale ugule yabwino vuto silitha chifukwa wakuba wamkulu ali pa bodi pomwepo. Yang'ana kachinthu kamiyendo itatu pafupi ndi USB, ukawerenge ndi tochi ya foni, kawirikawiri ndi AMS1117, regulator yotsitsa voteji kuti ifike pa 3.3V. Iko pakokha kamadya pafupifupi 5mA ngakhale ESP yagona, pomwe chipi chenichenicho pa deep sleep chimangofuna cha m'ma 10µA. Wonjezerapo ka LED kofiira kosazima kaja ndi chipi cha USB, upeza bodi yogona ikudya mwina 10mA. Ndiye werengera wekha, batire ya 2500mAh kugawa ndi 10 ndi maola 250, masiku 10 basi, yako yabodzayo ngati ili ndi 800 ndi masiku atatu omwe ukunenawo.

Za brownout (voteji kugwa mpaka chipi kuyambiranso) ndi AMS1117 yomweyo, imafuna voteji yolowa ipose yotuluka ndi 1.1V kapena kuposerapo. Batire ikadzadza ili pa 4.2V ndiye ESP imalandira cha m'ma 3.1V zinthu zimayenda, ikangotsika kufika 3.7V kwatsala 2.6V, WiFi ikati itumize imakoka ma 240mA mwadzidzidzi voteji n'kugwa, basi reset. VIN ija anaipangira 5V osati batire.

Mai_Tinashe_Solar:
Zoona zimene anena achimwenewa. Ine ndimachotsa AMS1117 ndi ayironi, ka LED ndimangokathyola, kenako batire imadzera pa regulator ina, AP2112K kapena ME6211 ya 3.3V, kupita pa pini ya 3V3, izi zimadya ma microamp makumi angapo ndipo dropout yake (kusiyana kofunika pakati pa voteji yolowa ndi yotuluka) ndi yochepa kwambiri. Ena amakonda HT7333 kapena MCP1700 poti sizidya n'komwe koma zimathera pa 250mA, pa ESP32 ndi pang'ono, ngati ndi zomwe muli nazo muikepo kapasita ya 470µF pafupi penipeni ndi bodi, osati kumapeto kwa waya wautali. Ndipo mawaya a jumper oonda aja muwasiye, muwotcherere.
Sensa yanu ndi iti? Ngati ndi HC-SR04 yakale ija imafuna 5V ndipo imadyabe ma 2mA ili chete, muziizimitsa ndi MOSFET (transistor yogwira ntchito ngati switchi).

Kabaza77:
bwanji osangotenga pa batire ya sola ya 12V nkuika 7805 (regulator ya 5V) basi, ine ndimatero

Sekuru_Achimwene:
Aise 7805 pa 12V ndi mbaula imeneyo, 7V yotsalayo imangosanduka kutentha, pa 100mA ndi 0.7W yotayika, ndipo nayo imadya 5mA yake. Ngati batire ya sola ili pafupi ndi thanki bola ka buck converter, kotsitsa voteji mosataya mphamvu yambiri. Koma kukoka waya kuchoka m'nyumba mpaka pamwamba pa thanki, kaya landilodi alola.

Mnyamata_wa_ku_Mufakose:
Zikomo akulu, ndayang'ana ndi AMS1117 ndithu, ndipo sensa ndi HC-SR04 yomweyo mayi. Ndinayesa kuyeza mphamvu imene bodi ikudya ndi mita pa µA koma bodi ikukana kuyaka, mita yafa kapena? Komanso ndili ndi kapanelo ka sola ka 6V, ndingatchajire batire?

Mai_Tinashe_Solar:
Mita ili bwinobwino, pa µA imakhala ndi resistance yaikulu ndiye bodi imalephera kukoka mphamvu yodzukira. Mulumikize kawaya pakati pa ma probe awiriwo, bodi ikadzuka n'kugona mukachotse, muwerenge. Kapaneloko kadzere pa TP4056, kabodi kotchajira batire ya lithiamu, mutenge ya chitetezo ija yokhala ndi B+ ndi OUT+ padera, yopanda chitetezo idzakuphereni batire. Imabwera itatcheredwa pa 1A ndi resistor ya 1.2k, kapanelo kakang'ono sikangakwanitse, muikepo ya 4.7k itsike cha m'ma 250mA. Bokosilo mulibise kunsi kwa thanki pamthunzi, dzuwa la mu October pamalata lithiamu sagwirizana nalo.

Mnyamata_wa_ku_Mufakose:
Chabwino, Loweruka ndikalowa mutawuni kusaka AP2112K, ikasowa nditenga HT7333 ndi kapasita. Alipo ali ndi batire ya laputopu yakufa tiiphwasule?