Zotsatira za 8-OHdG mu mkodzo zikusemphana, ndithandizeni

A Phiri, labotale, Kasungu:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa ntchito iyi yandisowetsa mtendere. Ndikuthandiza wophunzira wina pa kafukufuku woyerekeza mlingo wa 8-OHdG (chizindikiro cha kuwonongeka kwa DNA ndi okosijeni) mu mkodzo wa amayi amene biopsy (kupima kanyama ka chotupa) inatsimikiza kuti ali ndi khansa ya m'mawere ndi wa amayi amene alibe chotupa, ndipo tikugwiritsa ntchito kiti ya ELISA (njira yoyezera imene imagwiritsa ntchito antibody n'kuonetsa zotsatira ndi mtundu pa puleti). Sampulo imodzimodzi ikupereka nambala ina pa puleti yoyamba ndi inanso pa yachiwiri, ndipo chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti amayi ambiri athanzi akutuluka pamwamba kuposa odwala. Wophunzirayo akuti makina anga ndi owonongeka, chonsecho akuwerenga bwinobwino ntchito zina zonse. Kiti yatsala imodzi ndipo ndalama yogulira ina palibe, choncho sindikufuna kuitsegula ndisanamve maganizo anu.

A Mwale, labotale, Mchinji:
Achimwene a Phiri, musafunefune kutali, vuto ndi firiji. Ndi mmene magetsi akuzimira masiku ano, masampulo anuwo akhala akusungunuka ndi kuumanso usiku inu muli kunyumba. Kumene ndinkagwira kale, jenereta inakana kulira pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo titabwerera tinataya seramu yonse ya kafukufuku wina pamodzi ndi mareagent ake.

Mayi Nkhoma, mphunzitsi wa za labotale:
Bambo Phiri, choyamba tsimikizani kuti wophunzirayo akudziwa kuti makiti ambiri a 8-OHdG ndi a mtundu wa competitive, kotero kuti mtundu ukada kwambiri ndiye kuti 8-OHdG ndi yochepa, ndipo curve yake si mzere wowongoka. Chachiwiri, kodi mukugawa zotsatirazo ndi creatinine, imene imasonyeza kukhuthala kwa mkodzo? Mayi amene wayenda mtunda wautali padzuwa osamwa madzi amabweretsa mkodzo wokhuthala, ndipo popanda creatinine mukuyeza ludzu lake. Chachitatu, n'zodziwika kuti ELISA imapereka nambala zokwera kuposa njira zina zoyezera monga HPLC kapena LC-MS/MS, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti urea wa mu mkodzo amasokoneza antibody ya N45.1 imene ili m'makiti ambiri. Kugoneka puleti usiku wonse pa 4°C m'malo mwa 37°C kumachepetsako vutoli koma sikulithetsa. Sampulo ya wodwala ndi ya mayi womuyerekezera zizikhala pa puleti imodzi nthawi zonse.

A Mwale:
Mayi Nkhoma, ndikulemekeza maphunziro anu, koma urea ali mu mkodzo wa aliyense, wodwala ndi wathanzi yemwe. Funsani a Phiri ngati ali ndi pepala lolembapo kutentha kwa firiji ndipo muona kuti ndi firiji.

A Zimba, labotale, Kasungu:
A Mwale, mfundo yanu ingagwire pa kitiyo, chifukwa antibody ndi conjugate, zimene ndi mareagent a m'kitimo, sizipirira kutentha, koma 8-OHdG yeniyeniyo imakhalitsa mu mkodzo wowumitsidwa. Chimene chimapusitsa anthu ndi nsenga zimene zimadikha pansi mkodzo ukasungunuka, chifukwa zimagwira gawo lina la 8-OHdG, ndipo munthu akatunga pamwamba pokha osayamba wafunditsa pa 37°C ndi kusakaniza bwino, nambala zimasiyana tsiku lililonse. Koma a Phiri thokozani kuti simukuyeza DNA ya m'chotupa. Kumeneko guanine, gawo la DNA limene limasanduka 8-OHdG, amawonongeka m'manja mwanu momwemo pamene mukutulutsa DNA, makamaka ndi phenol kapena pakakhala tizitsulo m'madzi, n'chifukwa chake ena amathiramo deferoxamine kuti agwire tizitsuloto. Malabotale a ku Ulaya atagawana masampulo ofanana pansi pa ESCODD, komiti yoona za kayezedwe ka kuwonongeka kwa DNA, anapeza nambala zotalikirana kwambiri, ngakhale anali ndi zipangizo zimene ife timangoziona m'mabuku.

A Tembo, clinical officer, Mchinji:
Ine ndikuona kuti mwina makina sakunama konse, koma funso la kafukufukuyo ndi limene lili ndi vuto. Zoona, guanine akawonongeka ndi okosijeni amatha kugwirana ndi adenine m'malo mwa cytosine, G n'kusanduka T, ndipo OGG1, enzyme yokonza DNA, ikalephera kukonza, cholakwikacho chimakhazikika m'maselo. Koma zimene zimatuluka mu mkodzo zimachokera m'thupi lonse, osati m'bere mokha. Kuno kwathu mayi amaphikira nkhuni m'khitchini yopanda zenera, mwamuna wake amasuta chingambwe m'nyumba, ena amakhala pa utsi wa mabalani a fodya, ndipo kusuta kokhako kumakweza 8-OHdG mu mkodzo. Onjezanipo malungo, TB ndi HIV. Kodi amayi athanziwo munawatenga kuti, ndipo munawafunsa zimenezi? Nanga odwalawo munatenga mkodzo asanayambe kapena atayamba mankhwala ngati doxorubicin, amene pawokha amawonjezera kuwonongeka kotereku? Ngakhale kunja nkhaniyi sinagwirizanike. Ku Denmark mu 2013 anapeza kugwirizana kofooka chabe pakati pa mlingo wa mu mkodzo ndi khansa ya m'mawere mwa amayi osiya kusamba, pamene ku Oulu, ku Finland, mu 2010 anapeza kuti mlingo wotsika m'magazi ndi m'chotupa ndi umene unkayendera limodzi ndi khansa yaukali.

Anamwino Nabanda, Kasungu:
Chonde bambo Phiri, nambala zimenezi zisafike m'makutu mwa amayiwo ngati kuti ndi zotsatira za kuchipatala. Ndinasamalirapo mayi wina amene anauzidwa kwina kuti magazi ake ali bwino, iye n'kumva kuti chotupa chake si choopsa, ndipo anabweranso bere litaphulika chilonda, mwanabere atatupa kale kukhwapa. Mayi wa chotupa ayenera kupimidwa ndi manja, kujambulidwa, ndi kutumizidwa ku Kamuzu Central kukatengedwa kanyama, ndipo palibe mkodzo umene ungalowe m'malo mwa zimenezi. Onaninso zimene chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku, NHSRC kapena COMREC, chikunena pa nkhani yobweza zotsatira kwa otenga nawo mbali.

A Phiri:
Zikomo nonse. Creatinine sitinayeze chifukwa mu protocol mulibe, ndipo amayi athanziwo ambiri ndi odikirira odwala m'mawodi. Kodi ndingayeze creatinine tsopano pa mkodzo womwewo umene wakhala mu firiji?

Mayi Nkhoma:
Mungathe, bola musakanize bwino ndipo muuchepetse mphamvu pothiramo madzi monga mwa malangizo a makina anu, koma wophunzirayo ayambe wadziwitsa womuyang'anira ndi komiti imene inapereka chilolezo.

A Mwale:
Yezani creatinine yanuyo, palibe choletsa, koma mpaka pano a Phiri sanatiuze kuti kiti yotsalayo yakhala mu firiji iti ndiponso kuti magetsi akazima amaisamutsira kuti.