Ndamasulira pa mlandu wakupha, ndisayine kapena ayi?

aGondwe:
Anzanga omasulira, thandizeni msanga. Usiku wathawu andiitana ku polisi ina kuno ku Joni, mnyamata wa ku Dedza akumuganizira kuti wabaya mnzake pamowa. Pofika ndapeza fomu ya 14A (youza womangidwa maufulu ake) wasayina kale, ya Chizungu, pomwe iyeyo Chizungu sachimva n'komwe. Wofufuza akuti muwerengereni maufulu mwachangu tiyambe warning statement (mawu amene woganiziridwa amapereka kwa apolisi atachenjezedwa za maufulu ake). Ndati "uli ndi ufulu wokhala chete", iye "inde bwana", basi wayamba kukhuthula zonse mpaka komwe kuli mpeni. Potuluka mnyamatayo akundiuza kuti amaona ngati ndikumuuza kuti asadule mawu abwana akamayankhula! Apolisi akufuna ndikasayine kuti mnyamatayo anamvetsa. Maola 48 oti akaonekere kukhoti akutha mawa. Mtima sukundilola.

aPhiri:
Achimwene, ife ndife pakamwa chabe. Wapolisi wanena, inu mwanena. Sayinani. Zakumva kapena kusamva ndi za loya wake.

Nachisale:
Ayi aPhiri. Section 35(4) ya Constitution ya South Africa ikuti munthu auzidwe m'chilankhulo chimene akumva, ndipo 35(1)(b) ikuti auzidwenso zotsatira zake akasankha kuyankhula. Kwathu tinakula tikudziwa kuti wamkulu akafunsa umayankha, ukangoti duu ndiye mwano kapena wavomera. Ine ndimati: "Palibe akukukakamizani kuyankha. Mukayankha, zilembedwa ndipo zikhoza kukawerengedwa kukhoti." Kenako ndimapempha wapolisi amufunse kuti abwereze m'mawu ake.

aPhiri:
Kumeneko n'kuwonjezera, achemwali. Mwasanduka loya. Ife ndife pakamwa.

Mdala Mbewe:
Ana inu simunaimepo mu trial within a trial, pamene khoti limaunika kaye ngati mawu amene munthu ananena ku polisi angaloledwe ngati umboni. Ine ndinatuluka thukuta m'bokosi la mboni masiku awiri chifukwa cha liwu limodzi. Munthu anati "ndinamupweteka", pepala linalembedwa ngati wanena kuti anapha. Loya wake anandizunguza, nthawi yanji, munali angati m'chipindamo, anadya kapena ayi, ine osakumbuka kanthu chifukwa sindinalembe. Mnyamatayo amayi ake anachokera ku Ntcheu pa basi, anakhala kumbuyo akungondiyang'ana. Mpaka lero ndimawaona. aGondwe, lembani lero lomwe zonse m'kabuku kanu: nthawi imene munafika, kuti 14A inali yosayina kale, mawu enieni amene munagwiritsa ntchito. Musadalire mutu.

Nabanda:
Komanso onani udindo wa amene amalembayo. Ngati zimene wanenazo zikufika pa confession (kuvomera mlandu), section 217 ya Criminal Procedure Act salola kuti ya kwa konsitabo kapena sajeni ingolowa, iyenera kutsimikizidwa ndi kulembedwa pamaso pa majisitireti kapena ofesala wa udindo woyenera. Za mpenizo chenjerani, akhoza kukutengani ku pointing out (kukaloza komwe uli), kumenekonso ayenera kumuchenjeza. Ndipo musamatsale awiriwiri ndi woganiziridwa. Zimene wakuuzani potulukazo zikhoza kukuikani inuyo pa umboni. Musamulangize kuti akane kapena avomere. Koma ufulu wa loya wa Legal Aid munamumasulira? Simunatchule.

aPhiri:
Mwaonatu, Nabanda akunena zomwezo. Akanangomasulira n'kunyamuka bwenzi zonsezi kulibe.

Nachisale:
Kumasulira n'kufikitsa tanthauzo, aPhiri. Ngati silinafike, siginecha ya aGondwe ikhala ikunama. Munthu uja akhoza kukhala m'ndende moyo wonse. Achimwene, musasayine chimene simunaone. Uzani wofufuzayo kuti mwazindikira kuti sanamve, alembe zimenezo, abwereze chenjezo. Akakana, lembaninso kuti wakana. Mukaona mabala atsopano pathupi pake nenani, IPID (bungwe lofufuza apolisi akalakwa) ilipo chifukwa cha zoterezi.

Mdala Mbewe:
Ndipo mufunse kaye ngati Chichewa n'chakedi. Ena a ku Dedza m'malire ndi a ku Mozambique, ena kunyumba amayankhula Chiyao, amangoti inde kuopa kuvutitsa.

aPhiri:
Mukayamba kukana kusayina sadzakuitananinso usiku. Ndanena ine.

Nabanda:
Kuitanidwa komweko ndalama zake zikubwera? Ine ma claim anga a miyezi itatu sanalowebe. Alipo walandira?