Tanthauzo la mwambi: "Walira mvula, walira matope", komanso nkhani yotamanda Mulungu pa mavuto

WaKuKapata:

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "walira mvula, walira matope" ukumveka kawirikawiri m'maulaliki, makamaka mlaliki akafika pa mfundo yoti Mkhristu azitamanda Mulungu pa mtendere ndi pa mavuto pomwe. Kodi "kulira" kumeneku n'kwa misozi, kapena kuli ndi tanthauzo lina lakale? Ndiponso, kodi n'koyenera kunena mwambiwu kwa munthu woferedwa, kapena amene chimanga chake chapserera m'munda, pomulimbikitsa kuti atamande Mulungu? Kwa ine ukumveka ngati ukumuloza chala.

Mphunzitsi wa Chinyanja, Katete:

Achimwene, misozi mulibemo m'mwambiwu. "Kulira" apa ndi kufuna chinthu kapena kuchipempha. Tanthauzo limeneli likadalipo m'kulankhula kwathu, monga tikamati "denga ili lilira malata makumi awiri" kapena "ntchito iyi ilira anthu anayi". Choncho "walira mvula" ndiye kuti amene wapempha mvula. Mwambi ukunena kuti chimene wapempha chimabwera ndi zake, ndipo sungalandire mbali imodzi n'kukana inayo.

Amene anapeka mwambiwu anali alimi, ndipo matope ankawadziwa bwino. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, udzu umamera tsiku limodzi ndi chimanga, ndipo ukachedwa kupalira masabata oyambirirawo chimanga chimaonda. M'minda ya kufupi ndi dambo madzi amadikha, mizu imasowa mpweya, masamba n'kuchita chikasu. Wothira Urea mvula yamphamvu ili pafupi amangoona feteleza wake akukokoloka. Ngolo imatitimira, misewu ya kumidzi imaterera, udzudzu umaswana, malungo n'kuchuluka. Zonsezi ndiwo matope.

Tsono taonani amene amauzidwa mwambiwu. Munthu analimbirana unyakwawa, lero akudandaula kuti milandu siikutha pakhomo pake. Wina anafuna ng'ombe, lero akuwiringula za dibi ndi malipiro a woweta. Mnyamata anaumirira kukwatira, lero akuti achibale a mkazi achuluka. Onsewa anapempha okha. Mwambiwu ndi wodzudzula munthu wodandaula ndi zotsatira za chimene anachifuna. Woferedwa sanapemphe imfa, ndiye kumva kwanu kuti ukumuloza chala n'kolondola.

Mkulu wa mpingo, Madzimoyo:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ine sindingautaye mwambiwu m'tchalitchi. Uli ndi malo ake. Yobu atauzidwa ndi mkazi wake kuti atukwane Mulungu afe, anayankha pa Yobu 2:10 ndi funso loti kodi tilandire zabwino zokha kwa Mulungu, zoipa osazilandira? Ganizo lake ndi lapafupi kwambiri ndi la mwambiwu. Kusiyana kwake n'kwakuti Yobu ananena mawuwo yekha, za iye mwini. Sanauzidwe ndi mlendo wobwera kudzapepesa.

Ife a Reformed, amene mpingo wathu unayambira pa Magwero mu 1899, timaphunzitsa zimenezi m'kalasi kuchokera mu Katekisma wa Heidelberg wa 1563. Funso 27 limatchula mvula ndi chilala, zaka za zokolola ndi zaka za njala, thanzi ndi matenda, chuma ndi umphawi, n'kunena kuti sizitigwera mwangozi koma zimachokera m'dzanja la Atate. Funso 28 limafunsa phindu lodziwa zimenezi, ndipo yankho lili patatu: kupirira pa mavuto, kuthokoza pa mtendere, ndi kudalira Atate pa zam'tsogolo. Onetsetsani kuti pa mavuto mawu oyamba ndi kupirira. Katekisma sakakamiza munthu wosweka mtima kuti aziseka.

Kumene mwambiwu umagwira ntchito bwino ndi kwa Mkhristu amene Mulungu wamuyankha. Anapempherera ntchito, waipeza, tsopano tsiku lililonse akung'ung'udza za kulawirira. Anapempherera mwana, wabadwa, tsopano fizi ya sukulu yasanduka nyimbo ya maliro. Ameneyo muuzeni ndithu kuti walira mvula walira matope, abwerere kukathokoza.

WaKuKapata:

Zikomo abambo. Koma nanga chaka chimene mvulayo sinabwere n'komwe? Chilala cha 2024 chinafika poti Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko la Zambia lili pa ngozi. Anthu analira mvula, sanaone mvula, sanaone matope. Pamenepo munthu atamande chiyani?

Mlaliki wa ku Chadiza:

Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani, ndipo mwambi uja sufikapo. Apa pafunika kusiyanitsa mawu awiri amene timawasakaniza. Kuthokoza kumatsata chinthu chimene walandira: wakupatsa, wati zikomo. Kutamanda ndi kunena za mwini wakeyo, mmene alili ndi zimene anachita kale, ngakhale lero m'manja mwako mulibe kanthu. Makolo ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mayina a Mulungu m'chilankhulo chathu ali otamanda okhaokha: Namalenga, Mphambe, Chauta. Dzina lakuti Namalenga silisintha chifukwa nkhokwe yauma.

Habakuku 3:17-18 ndiwo mavesi a chaka cha chilala. Mneneri akutchula zinthu zisanu ndi chimodzi zolephera: mkuyu, mpesa, azitona, minda, nkhosa ndi ng'ombe m'khola. Sabisa chilichonse. Atatha kuwerenga zotayikazo ndi pamene akuti adzakondwerabe mwa Mulungu wa chipulumutso chake. Alaliki ambiri amathamangira vesi 18, vesi 17 n'kuliwerenga mothamanga ngati lochititsa manyazi. Kumeneko n'kulakwa, chifukwa mlimi amene ali pa benchi akufuna kumva kaye kuti Mulungu akudziwa za munda wake.

Amene akufuna kuphunzira kapempheredwe kake atsegule Salimo 13. Lili ndi mavesi asanu ndi limodzi basi. M'mavesi awiri oyamba Davide akufunsa kanayi kuti "kufikira liti". M'vesi 3 ndi 4 akupempha chinthu chodziwika, kuti Mulungu amuyang'ane ndi kumuyankha asanafe. M'vesi 5 ndi 6 ndi mmene akunena za chifundo cha Mulungu n'kulonjeza kuimba. Pakati pa vesi 4 ndi 5 palibe pamene palembedwa kuti adani athawa kapena matenda atha. Dongosolo lake ndi limenelo: dandaula kwa Mulungu mosabisa, pempha chimene ukufuna mochitchula dzina, kumbukira chimene anachita kale, kenaka tamanda. Ukadumpha gawo loyamba, matamando amakhala a pakamwa chabe ndipo munthu amatuluka m'tchalitchi ali ndi mkwiyo umene analowa nawo. Ukaima pa gawo loyamba lokha, dandaulo limasanduka kung'ung'udza kwa Aisraele m'chipululu, amene ankadandaula za Mulungu kwa anzawo m'malo mopita nazo kwa Iye.

Ndiwonjezere chimodzi chimene chikundidetsa nkhawa. Pali chiphunzitso chofala choti matamando ndi kiyi, ukaimba mokweza chitseko chitseguka. Amatchula Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi, pa Machitidwe 16. N'zoona, ankapemphera ndi kuimba pakati pa usiku, chivomezi n'kutsegula zitseko. Koma werengani mpaka vesi 28: zitseko zitatseguka iwo sanathawe. Akanakhala kuti ankaimbira kutuluka, akanatuluka. Choopsa cha chiphunzitso chimenechi chimaoneka pakapita miyezi. Munthu waimba, wavina, wasala kudya, wodwala wake wamwalirabe. Amatsala ndi maganizo awiri okha, kuti Mulungu wamunamiza kapena kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, ndipo onse awiri amamuchotsa mu mpingo. Anzake a Danieli atatu aja anati Mulungu akhoza kuwapulumutsa m'ng'anjo, n'kuwonjezera kuti ngakhale asatero sadzagwadira fano. Mawu a pa Danieli 3:18 amenewo aziphunzitsidwa pamodzi ndi nkhani ya Filipi.

Katekisiti, Chipata:

Kwathu ku Katolika kalendala yeniyeniyo imaphunzitsa zimenezi. M'nyengo ya Lenti sitiimba Aleluya, ndipo nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu imasiyidwa pa Masabata a Lenti ndi a Adiventi. Mpingo ukuvomereza kuti pali nthawi yochepetsa chisangalalo. Koma pemphero la Ukaristia silichoka, ndipo mawu akuti Ukaristia amatanthauza kuthokoza. Ngakhale pa Misa ya maliro, bokosi lili kutsogolo, wansembe amanenabe kuti n'koyenera kuthokoza Mulungu nthawi zonse ndi ponseponse, anthu n'kuimba Woyera. Ng'oma ndi nthungululu zimatha kukhala chete, kuthokoza kumapitirira.

Pa 1 Atesalonika 5:18 palembedwa kuti tiziyamika m'zonse. Sipakunena kuti tiziyamika chifukwa cha zonse. Palibe amene akulamulidwa kuthokoza Mulungu chifukwa choti mwana wafa ndi malungo.

Mayi wa Chigwirizano, Petauke:

Abambo nonse mwalankhula za mavuto, koma ine ndikuona kuti nthawi imene matamando amafa msanga ndi ya mtendere. Chaka cha njala matchalitchi amadzaza. Chaka chimene chimanga chachita bwino, anthu ali kalikiliki kumsika ndi pa sikelo, Lamulungu lomwe. Deuteronomo 8 akuchenjeza za nthawi imeneyi: ukadya n'kukhuta, ukamanga nyumba zabwino, ng'ombe zikaswana, mtima umayamba kunena kuti ndi mphamvu ya dzanja langa. Mwa akhate khumi amene Yesu anachiritsa pa Luka 17, anabwerera mmodzi.

Miyambo yathu imakumbutsa zomwezi. Pa Nc'wala ku Mtenguleni, mu Febuluwale, Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zipatso zoyamba za m'munda, ndipo mwambo wonsewo ndi wothokoza. Pa Kulamba ku Mkaika, mu Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique safika kwa Kalonga Gawa Undi chimanjamanja. Munthu wa kuno safunika kumuphunzitsa kuti ulemu umayenda ndi kanthu m'manja. Ahebri 13:15-16 akuika zinthu ziwirizi pamodzi, nsembe ya milomo yotamanda ndi kugawana ndi ena.

Za chopereka cha masika, chimene chimalakwika kawirikawiri ndi nthawi. Banja limati tiyambe tagulitsa, tibweze ngongole ya feteleza, tilipire fizi, chotsala tipereke. Chotsala sichikhalapo, kapena chimakhala chimanga chofumbwa cha pansi pa nkhokwe. Patulani gawo la Mulungu tsiku lotonola, musanasoke matumba, ndipo likhale chimanga chouma bwino, chopetedwa. Chonyowa chikaunjikidwa kutchalitchi chimachita nkhungu n'kuwononga ndi cha ena chomwe. Madikoni nawonso agwirizane msanga kuti gawo lopita kwa amasiye ndi okalamba ndi liti, lituluke anankafumbwe asanalowe. Pa Levitiko 7:15 nyama ya nsembe yoyamika inkayenera kudyedwa tsiku lomwelo, osasiyako mpaka m'mawa. Banja limodzi silikanaimaliza lokha, linkayenera kuitana ena.

WaKuKapata:

Ndamva, amayi. Tsono pa maliro penipeni, munthu wopita kukapepesa anene chiyani m'malo mwa mwambi uja?

Mlaliki wa ku Chadiza:

Tsiku loyamba musanene zambiri. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula, ndipo anayamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake. Yobu mwini, asananene kuti lidalitsike dzina la Yehova, anayamba wang'amba chovala chake, kumeta mutu ndi kugwa pansi. Miyambo 25:20 akuti kuimbira nyimbo munthu wa mtima wosweka kuli ngati kumuvula chovala tsiku lozizira. Choncho mawu monga "musalire, tamandani Mulungu" asatuluke. Aroma 12:15 akuti lirani nawo olira.

Matamando pa siwa ndi ntchito ya mpingo, osati ya namfedwa. Kwaya ndi amayi aziimba, iye akhale chete ngati akufuna. Wotsogolera nyimbo ayambe ndi zodekha zimene aliyense amazidziwa pamtima, zonena za Mulungu ndi za kuuka kwa akufa. Makorasi othamanga adikire usiku ukapita, ndipo aone kaye ngati a m'nyumba akulowamo. Wopemphera atchule dzina la womwalirayo ndi kuthokoza chifukwa cha zinthu zenizeni za moyo wake, monga ana amene analera kapena ntchito imene ankagwira mu mpingo, chifukwa chimenecho namfedwa angathe kuvomera ndi Amen wochokera mumtima.

Kenaka mubwerenso pakatha masabata awiri kapena atatu, anthu atabalalika, chifukwa ndi pamene nyumba imakhala zii. Mukapeza kuti munthuyo sakutha kupemphera, muwerengereni Salimo 88. Ndi salimo limene limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima, popanda vesi lotembenukira ku chimwemwe, komabe kuyambira vesi loyamba likulankhula ndi Mulungu wa chipulumutso. Salimo 103 mudzawerenge ulendo wina, iye akadzayamba yekha kutchula zabwino zimene akukumbukira.