Laser ikukanika kudula pangodya imodzi

Chisomo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Laser yathu ya CO2 ya mawati 80, makina odula zinthu ndi kuwala, yayamba zachilendo. Pulayiwudi ya 3 mm ikudulika bwinobwino kumtunda chakumanzere, koma mutu wodulira ukafika pangodya ya kumunsi chakumanja imangosiya mzere wakuda osabowola. Ndachepetsa liwiro, ndawonjezera mphamvu, koma m'mphepete mukungopserera. Loweruka kukubwera ana asukulu kudzaphunzira, ndipo sindikufuna kuwabweza.

Bambo Nyirenda:
Musawonjezerenso mphamvu achemwali, mungotopetsa chubu chopanga kuwala pachabe. Chikanakhala kuti chubu chatha, bwenzi chikulephera paliponse. Ngodya imeneyo ndi kumene kuwala kumayenda mtunda wautali kwambiri, ndiye limodzi mwa magalasi atatu olondolera kuwala likangopendekeka pang'ono, cholakwikacho chimakula mpaka kuwala kumagunda m'mbali mwa nozzle, kakamwa kotulukira kuwala pamutu. Matani tepi ya pepala pakhomo la galasi lachiwiri, mudine pulse, batani lowombera kuwala kamodzi, pa mphamvu yochepa mutu uli pafupi, kenako uli kutali. Timadontho tiwirito tigwere malo amodzi. Mukamaliza pamenepo m'pamene mupite pagalasi lachitatu. Mukayambira kumapeto mudzazungulira tsiku lonse. Chivindikiro chikhale chotseka podina, kuwalaku sikuoneka ndi maso.

Tadala:
Musanakhudze masikuluwu a magalasi, yezani kaye mpata wa pakati pa nozzle ndi bedi loikapo zodula pangodya zonse zinayi. Yathu bedi linatsika mbali imodzi lamba atalumpha mano, tinataya masiku awiri tikulimbana ndi magalasi osalakwa.

Chisomo:
Bedi lili bwino. Pa tepi, timadontho tinatalikirana pafupifupi 4 mm, ndakonza. Koma ndaona china chimene chandidetsa nkhawa. Galasi lachiwiri ndi lachitatu achita nkhungu yoyerera, ndipo masikuluwu ndi njanji zayamba dzimbiri. Mwezi watha zonsezi zinali zonyezimira.

Bambo Nyirenda:
Dzimbiri la msanga chonchi, ine ndikukayikira kuti wina wadulapo pulasitiki ya PVC. Ikapsa imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride, ndipo ukakumana ndi chinyezi umasanduka asidi. Umadya chitsulo, mawaya ndi magalasi, koma chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi mapapo a munthu amene anaima pamenepo. Fufuzani m'bini ya zinyenyeswa. Chimene mwachikayikira, tenthetsani waya wa kopa mpaka afiire, mumukhudzitse papulasitikiyo, mubwezere pamoto. Lawi likasanduka lobiriwira, muli chlorine ngati mmene zilili ndi PVC. Chitireni panja kapena pansi pa fani yotulutsa utsi.

Chisomo:
Mwalasa, bambo. M'bini ndapezamo zidutswa za vinyl ya masitika, lawi lake lobiriwira ndithu. Anadula ndi membala watsopano, ine kulibe. Ndalankhula naye, sankadziwa, ndipo pakhoma palibe pamene tinalemba. Wandiuza kuti tsikulo anatsokomola mpaka usiku.

Tadala:
Ngati chifuwa sichinasiye apite kuchipatala, asadikire. Lens, kagalasi kosonkhanitsa kuwala m'mutu, musaiiwale, ndi ya zinc selenide, imakalika msanga. Isopropyl alcohol ndi kapepala ka lens basi, kupukuta kamodzi n'kutaya. Pakhoma muike mndandanda wa zoletsedwa kudula, kuwonjezera pa PVC muikeponso chikopa chochita kupanga, nthawi zambiri chimakhala PVC yomweyo, komanso polycarbonate, imene anthu amaisokoneza ndi acrylic koma imangosungunuka n'kuda.

Chisomo:
Magalasi ndi lens ndatsuka, tsopano ikudula ngodya zonse zinayi. Mndandanda ndamata pachivindikiro penipeni, ndipo chilichonse chobwera ndi membala chizidutsa kaye mwa ine. Njanjizi nanga, ndingopukuta n'kuthira mafuta?

Bambo Nyirenda:
Pukutani ndi alcohol, muthire girisi wopepuka, kenako muyendetse mutu ndi dzanja makina atazimitsa. Mukamva kugwiragwira, maberingi alowa kale dzimbiri, yitanitsani ena. Muonenso mapiko a fani, utsi wonsewo unadutsa pamenepo.