Mafilimu oyenda pang'onopang'ono: n'chiyani chimatigwira mtima?

Nachisale (Zomba) walemba:

Abale okonda mafilimu, ndithandizeni kumvetsa. N'chifukwa chiyani filimu imene mulibe galimoto yophulika, mulibe kuthamangitsana pamadenga, imatha kumusiya munthu mtima uli m'mwamba kuposa ija ya zipolopolo zokhazokha? Ine ndimakonda zoterozo: nkhani za akazitape kapena za apolisi ofufuza milandu, zochitika m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980, anthu ake ovala majekete olemera, osuta fodya m'maofesi, osayankhulayankhula. Kunyumba kuno ndimaonera ndekha. Ana amandifunsa kuti, "Amayi, kodi iyamba nthawi yanji?" pamene yatha kale theka la ola.

Imene ndimaibwereza kwambiri ndi Tinker Tailor Soldier Spy ya 2011, yochokera m'buku la John le Carré la 1974. Gary Oldman ndiye George Smiley, mkulu wina wa akazitape a ku Britain amene anamupumitsa ntchito mokakamiza, kenako n'kumuitananso mwachinsinsi kuti apeze munthu wapamwamba m'bungwe lawo lomwelo amene akugulitsa zinsinsi ku Moscow. Filimu imayamba, mphindi zambirimbiri zimadutsa, Smiley osatsegula pakamwa. Timangomuona akutuluka mu ofesi, akusambira m'dziwe lozizira, akukasintha magalasi. Koma pofika nthawi imene ayankhule, ndimakhala nditamudziwa kale ngati mnansi.

Pali malo awiri amene sindiwaiwala. Oyamba, ali m'galimoto ndi anzake, njuchi yalowa. Enawo akuikupiza ndi manja. Iye angoiyang'ana, kenako n'kutsitsa galasi pang'ono, njuchi n'kutuluka. Basi. Palibe amene wanena kuti bamboyu ndi woleza mtima ndiponso woopsa, koma waona wekha mmene adzagwirire mdani wake. Achiwiri ndi pamene Peter Guillam, mnyamata wake wa Smiley, atumidwa kukaba buku la kaundula mosungira mafayilo mu ofesi yakeyake. Palibe mfuti. Pali chikwama, foni yolira, ndi mnzake wa kuntchito amene angamuimitse pakhonde. Ine pamenepo manja amachita thukuta.

Funso langa lili pawiri. Mantha amenewa amachokera kuti, poti palibe chikuchitika? Ndipo chifukwa chiyani ndimamva ngati ndikusowa nthawi imeneyo, London wa 1973 wotuwa ndi utsi wa fodya, kumene sindinafikeko ndiponso ndinali ndisanabadwe? Amene muli ndi ena a mtundu umenewu mundiuzeko.

Mphunzitsi wopuma (Dedza) wayankha:

Mayi Nachisale, zikomo pofunsa funso labwino. Ine ndayamba kukalamba, ndiye ndiyankha ngati munthu amene zaka zimenezo anaziona ndi maso, ngakhale sikunali ku London.

Mukuti palibe chikuchitika. Chilipo, koma chikuchitikira m'kati mwa munthu, ndipo wojambula wakupatsani nthawi yoti muchione pankhope. Filimu yothamanga imakuuzani kuti opani bomba. Yoyenda pang'onopang'ono imayamba yakudziwitsani munthu, zimene amakonda, zimene akubisa, zimene angataye. Ikatero, ngakhale kugogoda pachitseko kumakwana kukudzidzimutsani. Zili ngati nyemba pa mbaula: moto wake ndi wochepa, koma ukausonkhezera mwaphuma zimapserera kunja m'kati muli gwa.

Pezani The Lives of Others, ya ku Germany ya 2006. Nkhani yake ili ku East Berlin mu 1984. Kaputeni wa apolisi achinsinsi otchedwa Stasi, dzina lake Wiesler, wapatsidwa ntchito yomvetsera zonse zoyankhulidwa m'nyumba ya wolemba masewero wina ndi chibwenzi chake. Atchera mawaya m'makoma, iye n'kukhala m'kachipinda ka kudenga, mahedifoni kumutu, kumatayipa lipoti usana ndi usiku. Gawo lalikulu la filimuyi ndi munthu atakhala pampando akumvetsera. Koma mumamuona akusintha pang'onopang'ono chifukwa cha zimene akumva, nyimbo ya piyano, ndakatulo, chikondi cha anthu awiri amene iye watumidwa kuwawononga. Pali pena akwera chikepe ndi kamwana konyamula mpira. Kamwanako kaulula mosadziwa kuti bambo ake amanena zoipa za a Stasi. Wiesler ayamba kufunsa dzina la bamboyo monga mwa chizolowezi cha ntchito yake, n'kulekezera panjira. Kulekeza kumeneko ndiye chinthu chachikulu chimene munthuyu wachita pa moyo wake wonse kufikira tsikulo, ndipo kwatenga masekondi ochepa chabe. Ulrich Mühe, amene anasewera Wiesler, anakulira ku East Germany komweko, ndipo anamwalira mu 2007, chaka chimene filimuyi inalandira mphoto ya Oscar.

Tsono pa funso lanu lachiwiri ndikufuna ndisiyane nanu pang'ono. Ine zaka zimenezo sindizisowa. Ife amene tinaphunzitsa nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira kuyang'ana kumbuyo usanayankhule, kutsitsa mawu mu stafu rumu, kusadziwa kuti mwa anzako wopereka malipoti ndani. Inu muli ku Zomba, za ndende ya Mikuyu simufunika kuuzidwa. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anamumanga mu 1987 n'kutuluka mu 1991 osaimbidwa mlandu m'khoti. Nditaonera Wiesler ali kudenga kuja, sindinamve kukoma kwa zakale ayi. Ndinazindikira chete amene ndinakhalamo mpaka riferendamu ya 1993. Chimene ndikuganiza kuti inu mukusowa si nthawiyo, koma liwiro lake. Kalelo uthenga unkayenda ndi munthu, kalata inkatenga masabata, foni inali yapakhoma ndipo ukaiphonya waiphonya. Kudikira kunali mbali ya moyo, ndipo kudikira ndi kumene kumabala mantha m'nkhani. Mupatseni Smiley foni ya m'manja ndi intaneti, filimu yanuyo itha musanamalize tiyi.

Wa bening'i senta (Lilongwe) wayankha:

Amayi ndi adala, ine ndilankhule ngati munthu amene amaika mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi a anthu tsiku ndi tsiku. Kunena zoona, zoterezi sizituluka. Kasitomala akabwera amafuna ya nkhondo, ya karate, masizoni a ku Korea kapena ku Philippines, makamaka zomasuliridwa m'Chichewa. Ndipo sindiwanyoza. Munthu wakhala pamsika kuyambira m'mawa, wafika kunyumba watopa, magetsi abwera mochedwa, ndiye mumupatse filimu imene bambo wachikulire akupukuta magalasi?

China chimene ndaona n'chakuti mafilimu amenewa salola kumasulira kwathu kuja. Womasulira wa pa vidiyo sho ntchito yake ndi kudzaza pamene pali chete, kuponyapo nthabwala, kuuza anthu zimene zikubwera. Pa filimu ya kumenyana zimakoma kwabasi. Koma pa ya Smiley, chete ameneyo ndiye filimuyo. Ukayankhulapo waipha. Chimodzimodzi kuonera pafoni mauthenga a WhatsApp akulowa: ukangoyang'ana kumbali, waphonya diso limene munthu anaponyera mnzake, ndipo pakutha pake sumvetsa chifukwa chake wina walira.

Komanso tisanamizane, si filimu iliyonse yochedwa imene ili yakuya. Ena amangojambula munthu akuyang'ana pawindo mvula ikugwa, nyimbo yachisoni pansipansi, n'kumati ndi luso. Ine muyeso wanga ndi umodzi: kodi munthuyu pali chimene akuchifuna mpaka kumuwonongera moyo? Ngati chilipo, ndidikira ngakhale maola atatu.

N'chifukwa chake ndimakonda Zodiac ya David Fincher ya 2007. Ndi nkhani yoona ya chigawenga chimene chinkapha anthu cha ku San Francisco kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kumatumiza makalata ku nyuzipepala. Kupha kwenikweni kuli koyambirira. Kotsalako, ndipo filimuyi imapitirira maola awiri ndi theka, ndi Robert Graysmith, wojambula makatuni pa San Francisco Chronicle, amene nkhaniyi yamulowa m'magazi. Zaka zikupita, apolisi atopa, banja lake likutha, iye ali m'mafayilo. Mlanduwo mpaka lero palibe amene anaweruzidwa nawo, ndipo filimu sinamizira kuti inamupeza.

Koma amayi, ngati mukufuna yoti ana anu akhale nanu pampando, yambani ndi Memories of Murder ya ku South Korea ya 2003, ya Bong Joon-ho yemwe uja anadzapanga Parasite. Muli kuseka, muli mateche, muli apolisi akumudzi osadziwa chochita. Azimayi akuphedwa m'dera la minda ya mpunga kuyambira 1986, ndipo wapolisi wamkulu m'nkhaniyi, amene anasewera Song Kang-ho, amakhulupirira kuti akhoza kuzindikira wolakwa pongomuyang'ana m'maso. Amamenya anthu osalakwa kuti avomere. Pang'onopang'ono kuseka kumatha, umangozindikira kuti wasiya kuseka kalekale. Pamene filimuyi inkatuluka wakuphayo anali asanadziwike. Anadzamuzindikira mu 2019 kudzera mu DNA, ali kale m'ndende pa mlandu wina wakupha. Ndinene kuti ndi ya ana akuluakulu, osati a pulayimale.

Mlongo wanu wa ku Johannesburg wayankha:

Achemwali a Nachisale, mwandikumbutsa filimu imene ndimailirira. Bambo aphunzitsi anena zoona kuti nthawi zimenezo zinali zowawa, koma ine ndikuona kuti kusowa zakale kumene mukunenako kulipo ndithu, kungoti ndi kwa anthu a m'filimumo, ife timangotengera. Onani bwino: pafupifupi onsewa ndi anthu oyang'ana m'mbuyo. Smiley amakumbukira phwando la Khirisimasi la ku ofesi, pamene onse anali pamodzi, akuimba, asanadziwe kuti mmodzi mwa iwo ndi wowapereka. Amakumbukira tsiku limene anakumana ndi mdani wake Karla, kazitape wa ku Moscow, ku Delhi n'kumusiyira choyatsira ndudu chimene mkazi wake Ann anamupatsa. Nkhope ya Ann sitiiona bwinobwino filimu yonse, koma ndiye bala lake. Ndiye pamene mukuti mukusowa London wa 1973, mwina mukumva chisoni cha Smiley, chosowa masiku amene ankakhulupirira anzake.

Yanga ndi El secreto de sus ojos ya ku Argentina ya 2009, pa Chingerezi amaitcha The Secret in Their Eyes. Inapata Oscar mu 2010. Ricardo Darín ndiye Benjamín Espósito, wogwira ntchito ku khoti amene wapuma, ndipo akufuna kulemba buku la mlandu wa 1974 umene wakhala ukumudya kwa zaka 25: mtsikana wongokwatiwa kumene anagwiriridwa n'kuphedwa m'nyumba mwake ku Buenos Aires. Amapeza woganiziridwa poyang'ana zithunzi zakale za mtsikanayo, mmene mnyamata wina amamuyang'anira pa chithunzi chilichonse. Espósito akuzindikira diso limenelo chifukwa iyenso ndi mmene amayang'anira bwana wake Irene, amene wamukonda zaka zonsezo osamuuza.

Munthu amene amandisweka naye mtima ndi mwamuna wa malemuyo, kalaliki wa ku banki wofatsa. Akaweruka kuntchito amakakhala pa siteshoni ya sitima kuyang'ana nkhope za anthu otsika, kudikira kuti mwina wakuphayo adutsa. Tsiku ndi tsiku. Sanyamula mfuti, sakuwa. Filimuyi ili ndi malo amodzi othamanga, pa bwalo la mpira lodzaza anthu, ojambulidwa ngati kamera sinaime n'kamodzi komwe, ndipo amakoma chifukwa wawadikira nthawi yaitali. Koma chimene chimanditsalira ine ndi bambo uja pa benchi. Kenako ndale zimalowerera, wolakwa amamasulidwa chifukwa akuluakulu a boma akumufuna pa ntchito zawo zauve, ndipo apa bambo aphunzitsi mudzazindikiranso zambiri. Mathero sindiulula.

Chenjezo: chiyambi chake chili ndi chithunzi chowawa cha nkhanza kwa mayi, konzekani mtima. Ndiponso pali ina ya dzina lomweli ya ku America ya 2015, muli Julia Roberts ndi Nicole Kidman. Si imeneyo. Funani ya Chisipanishi, muziwerenga mawu apansi.

Nachisale (Zomba) wayankha:

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri. Bambo aphunzitsi, mawu anu andikhudza. Mayi anga mpaka lero amatsitsa mawu akamatchula zinthu zina za nthawi imeneyo, ngakhale tili awiri m'khitchini, ndipo ndikufuna ndidzaonere nawo ya Wiesler ija ndimve zimene adzanene. Achemwali a ku Johannesburg, za phwando la Khirisimasi mwalasa. Filimu imabwererako kangapo, ndipo ulendo uliwonse umaona chinthu chimene poyamba sunachione, amene akuyang'ana mnzake, amene watuluka panja. Le Carré anagwirapo ntchito ya ukazitape iye mwini, ndipo anali m'bungwe la akazitape a ku Britain pamene Kim Philby, kazitape wawo amene ankapereka zinsinsi kwa adani, anathawira ku Moscow mu 1963, ndiye ululu wa kuperekedwa ndi mnzako wodya naye mbale imodzi ankaudziwa.

Achimwene a bening'i senta, pa za mafilimu ochedwa opanda kanthu ndikugwirizana nanu, ndakumana nawo. Koma pa za munthu wotopa ndikanakonda tikambiranebe, chifukwa ine ndi pamene ndatopa pamene ndimafuna filimu yosandikuwira. Ndikufunseni: kodi muli nayo Tinker Tailor ya BBC ya 1979, ya zigawo 7, imene Smiley wake ndi Alec Guinness? Ngati ilipo, pamodzi ndi ya ku Korea ija, mlamu wanga akubwera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi, ndimupatsira fulashi.