Ndabweranso pa nkhani ya paipi yong'aluka pokhota ija

Sabata yatha ndinafunsa chomwe chikung'alula paipi yathu ya nthunzi pokhota, kuno ku Moatize, ku Mozambique. Zikomo achimwene amene munati ndiyambe ndawerengera kutalika kwa chitsulo chikatentha. Paipi ya mamita 30, kutentha kukakwera ndi madigiri 100 a Celsius, imatalika pafupifupi mamilimita 36, ndipo ikamangidwa mbali zonse mphamvu ya kutalikako imathera pachigongono, ndiye kuti pokhota paja.

Malire a mphamvu imene paipi ingapirire (SA) ndawatenga mu ASME B31.3, buku la malamulo a kamangidwe ka mapaipi a m'mafakitale: SA = f(1.25Sc + 0.25Sh). Sc ndi mphamvu yololedwa chitsulo chikazizira, Sh ndi yololedwa chikatentha, ndipo f ndi nambala yodalira kuti paipi imatentha ndi kuzizira kangati. Pa chitsulo cha mtundu wa A106 B, Sc ndi Sh zonse ndi 138 MPa (muyeso wa mphamvuyo), f ndi 1, ndiye malire ndi 207 MPa.

Pomwe ndinaphonya m'pakuti sindinachulukitse mphamvu imene ndinawerengera ndi i, nambala yosonyeza mmene mphamvu imachulukira pokhotapo. Chigongono chimaphwatalala chikamapindika, choncho chimalemedwa kuposa paipi yowongoka, makamaka chikakhala chopyapyala. Taikapo lupu ya U (paipi yopindidwa ngati chilembo cha U yolandira kutalikako) pakati, ndipo mtima wanga wakhala pansi.